Mwana wanga wasiya kukhulupirira Mulungu: kodi zimenezi zingamufikitse podzipha?

Funso: Ndine mayi wa ana atatu. Woyamba, mnyamata wa zaka 23, anakulira mumpingo, koma chaka chathachi anandiuza kuti sakhulupiriranso zoti kuli Mulungu, ndipo kutchalitchi anasiya. Posachedwa ndinamva mlaliki wina akunena kuti anthu osakhulupirira ndiwo amadzipha kwambiri chifukwa alibe chiyembekezo. Kuyambira tsiku limenelo sindikuona tulo. Komabe ndimakumbukira mayi wina amene tinkaimba naye kwaya, wokonda kupemphera kutiposa tonse, amene anadzipha zaka zapitazo. Zoona zake n'ziti?

Yankho: Amayi, pepani chifukwa cha mnzanu wa kwaya uja, ndipo mwachita bwino kufunsa m'malo mongosunga mantha mumtima. Ndiyambe ndi mawu amene mukuwafuna kwambiri. Kusiya kukhulupirira Mulungu pakokha si matenda, ndiponso si chizindikiro choti munthu akufuna kudzipha. Anthu miyandamiyanda padziko lapansi sapembedza ndipo amakalamba bwinobwino. Mlaliki uja anagwira mbali ya choonadi, koma anaikoka mpaka inafika pamene kafukufuku sanafikepo. Ndikufotokozerani mbali yoonayo mosabisa, chifukwa ilipo, kenako tione pamene akulakwitsa, popeza polakwikapo ndi pamene pali nkhani ya mwana wanu.

Funso lanuli ndi lakale. Mu 1897 katswiri wa za chikhalidwe cha anthu wa ku France, Émile Durkheim, anasanthula ziwerengero za imfa m'mayiko a ku Ulaya ndipo anaona kuti m'madera a Apulotesitanti anthu ankadzipha kwambiri kuposa m'madera a Akatolika, pamene Ayuda ankadzipha mocheperapo. Chodabwitsa chinali chakuti Akatolika ndi Apulotesitanti onse ankaphunzitsa kuti kudzipha ndi tchimo. Ngati chiphunzitso chinali chimodzi, kusiyanako kunkachokera kuti? Durkheim anati kunkachokera pa mmene gulu limamugwirira munthu. Kumene anthu amakumana kawirikawiri, kudziwana mayina, kuyenderana ndi kufunsana pamene wina sakuoneka, munthu savutika yekha kwa nthawi yaitali. Akuluakulu athu anazinena mwachidule: kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Ntchito ya Durkheim inali ndi zofooka zake. Ofufuza ena awiri, Frans van Poppel ndi Lincoln Day, anasonyeza mu 1996 kuti m'mabuku akale a imfa a ku Netherlands, Akatolika ambiri ankalembedwa kuti amwalira mwadzidzidzi kapena ndi chifukwa chosadziwika, zomwe zikusonyeza kuti imfa zina zodzipha zinkabisidwa. Komabe mfundo yake yaikulu, yoti chitetezo chagona pa ubale, yapirira mpaka lero.

Kafukufuku wa masiku ano wapezadi kuti pali kugwirizana pakati pa kupembedza ndi kuchepa kwa imfa zotere. Wodziwika kwambiri anatuluka mu 2016, motsogozedwa ndi Tyler VanderWeele wa ku yunivesite ya Harvard. Iwo anatsatira anamwino aakazi 89,708 a ku America kuyambira 1996 mpaka 2010, ndipo anapeza kuti amene ankapita kumapemphero kamodzi pa sabata kapena kuposa apo anali ndi chiopsezo chodzipha chocheperapo pafupifupi kasanu poyerekeza ndi amene sankapita n'komwe. Ku Switzerland, kafukufuku wa mu 2010 amene anagwiritsa ntchito kalembera wa dziko lonse anapeza kuti Akatolika ankadzipha mochepa, Apulotesitanti anali pakati, ndipo amene analembetsa kuti alibe mpingo ankadzipha pafupifupi kawiri kuposa Akatolika. Zimenezi sindingazikane, ndipo katswiri aliyense woona mtima sangazikane.

Tsopano tiyang'anitsitse chimene ofufuzawo ankayeza. Anamwino aja sanafunsidwe kuti Mulungu amamukhulupirira mozama bwanji. Anafunsidwa kuti kumapemphero amapita kangati. Kupita kumapemphero kumatanthauza kudzuka, kusamba, kutuluka m'nyumba, kupatsidwa moni, kuimba ndi anzako, kukhala ndi ntchito imene ena akuyembekezera kuti uichite, ndiponso kukhala ndi anthu amene angagogode pakhomo ukajomba masabata awiri. Zonsezi ndi mankhwala kwa munthu wovutika maganizo, ngakhale tisanafike pa zimene zikulalikidwa kuguwa. Dziwaninso kuti mwa anamwino onse aja, amene anadzipha anali 36, ndipo ambiri mwa ofufuzidwawo anali azungu achikhristu a ntchito imodzi m'dziko limodzi. Chiwerengero chotere chimatiuza kanthu za gulu lalikulu. Sichingatiuze za mnyamata mmodzi wa zaka 23 amene inu mukumudziwa dzina.

Palinso msampha wina umene ndimauona kawirikawiri pa ntchito yanga ya zachipatala. Munthu akayamba kudwala matenda ovutika maganizo, chimodzi mwa zinthu zoyamba kutha ndi mphamvu yokhala pagulu. Amasiya mpira, amasiya kucheza, amasiya kuyankha foni, amasiyanso tchalitchi kapena mzikiti. Wowerengera akabwera pambuyo pake amapeza kuti amene anadzipha sankapita kumapemphero, n'kuganiza kuti kusapitako ndiko kunamupha, chonsecho matendawo ndiwo anayamba kumuchotsa pagulu. Ofufuza osamala amayesetsa kuchotsera zimenezi powerengera, ndipo chitetezo china chimatsalabe, koma msamphawo sutheratu. Kwa inu monga mayi, apa ndi pamene pali funso lofunika kuposa onse, ndipo ndibwererapo.

Komanso, mawu oti "alibe mpingo" ndi thumba lalikulu limene limanyamula anthu osiyana kwambiri. Muli munthu amene anaganiza mofatsa n'kufika poti Mulungu kulibe, ndipo ali ndi abwenzi, ntchito ndi zolinga. Muli amene amakhulupirirabe koma anakhumudwitsidwa ndi atsogoleri. Muli amene anachotsedwa mumpingo. Muli chidakwa chimene chikuchita manyazi kubwerera. Kuwaphatikiza onsewa n'kunena kuti "osakhulupirira amadzipha" n'kulakwitsa. Pamene ofufuza atatu a ku America, Joseph Baker, Samuel Stroope ndi Mark Walker, anawasiyanitsa mu 2018, anapeza kuti okana Mulungu motsimikiza anali ndi thanzi labwino la maganizo, losachepera pa la anthu a m'mipingo, pamene ovutika kwambiri anali okhulupirira Mulungu koma opanda mpingo uliwonse. Kafukufuku ameneyu ankayeza nkhawa ndi zizindikiro zina za matenda a maganizo, osati imfa, koma akutiphunzitsa kuti choopsa kwambiri ndi kukhala pakatikati wopanda poima ndiponso wopanda anthu.

Ena amakonda kuyerekeza mayiko, koma njira imeneyi imasocheretsa mbali zonse ziwiri. Dziko la Lesotho, kumene anthu ochuluka kwambiri ndi Akhristu, ndilo linali pamwamba pa mayiko onse m'ziwerengero za bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO za chaka cha 2019. Lithuania, kumene anthu pafupifupi atatu mwa anayi alionse amadzitcha Akatolika, inakhala pamwamba pa mayiko a m'bungwe la ku Ulaya la European Union kwa zaka zambiri. Ku China, kumene anthu ambiri sali m'chipembedzo chilichonse, imfa zodzipha zatsika kupitirira theka kuchokera m'zaka za m'ma 1990, osati chifukwa anthu anatembenuka mtima, koma makamaka chifukwa moyo wa akazi akumidzi unasintha ndipo ambiri anasamukira m'mizinda. Ku Sri Lanka boma litaletsa mankhwala ena oopsa kwambiri a m'munda, imfa zotere zinatsika ndi pafupifupi 70 peresenti pakati pa 1995 ndi 2015, zipembedzo za anthu zili zomwezo. Mayiko ambiri achisilamu amasonyeza ziwerengero zotsika. Mbali ina n'zoonadi, chifukwa Korani pa Sura 4 ndime 29 imaletsa kudzipha momveka bwino ndipo anthu amalemekeza lamulolo. Mbali ina n'chifukwa choti kumene kudzipha kuli mlandu kapena chamanyazi chachikulu, mabanja ndi olemba imfa amabisa. Umphawi, mowa, ulova, nkhanza, kusowa kwa chithandizo ndiponso kupezeka mosavuta kwa zinthu zoopsa zimasuntha ziwerengero za dziko kwambiri moti chipembedzo chokha sichingafotokoze zonse.

Tsopano tibwere kwa mnzanu wa kwaya uja, chifukwa ndikuona kuti imfa yake ikukuwawanibe. Mu 2016 ofufuza Ryan Lawrence, Maria Oquendo ndi Barbara Stanley anasonkhanitsa akafukufuku 89 a nkhani imeneyi, ndipo anapeza chinthu chimene ndimafuna mtsogoleri aliyense wa chipembedzo atachidziwa. Kukhala m'chipembedzo sikuonetsa kuti kumamuteteza munthu ku maganizo ofuna kudzipha. Chimene chimaoneka kuti chimachepa ndi kuchitapo kanthu pa maganizowo. Kunena kwina, wopemphera amamvanso ululu womwewo, amagonanso usiku akulakalaka asadzuke, koma kawirikawiri amakhala ndi chomugwira dzanja: kuopa kulakwira Mulungu, kuganizira ana, chikhulupiriro choti mavuto ali ndi mathero. Kafukufuku wa Kanita Dervic ndi anzake mu 2004, wa odwala 371 ogonekedwa m'chipatala chifukwa cha matenda ovutika maganizo, anapeza zofanana: a m'zipembedzo sanali odwala pang'ono kuposa anzawo, koma anali ndi zifukwa zambiri za chikumbumtima zokanira kudzipha, ndipo oyesapo kudzipha anali ochepa pakati pawo. Chomugwira dzanja chotere n'chamtengo wapatali, koma matenda akakula kwambiri chimatha kulephera. Mnzanuyo sanafe chifukwa chopemphera mopereweza. Matenda ovutika maganizo amatseka maso a munthu mpaka saonanso njira ina iliyonse, ndipo amagwira abusa, mashehe, oimba kwaya ndi osapembedza mofanana.

Ndiyenera kunenanso zowawa, chifukwa ndikazisiya ndikhala ndakunamizani. Chipembedzo chomwecho chimene chimateteza ambiri chimatha kuwonjezera katundu pa ena. Katswiri wa zamaganizo Kenneth Pargament wakhala akufufuza kwa zaka zambiri za anthu amene amalimbana ndi Mulungu mumtima: oganiza kuti Mulungu akuwalanga, kuti anawataya, kuti tchimo lawo silingakhululukidwe, kapena kuti mpingo wawakana. Anthu otere amavutika maganizo kwambiri kuposa anzawo. Ndakhala ndi odwala amene anabisa maganizo ofuna kudzipha kwa miyezi chifukwa choopa kuuzidwa kuti ali ndi ziwanda kapena kuti chikhulupiriro chawo n'chochepa. Ena anauzidwa kuti ataye mankhwala a kuchipatala monga umboni woti achiritsidwa, ndipo anabwerera atadwala kuposa kale. Mtsikana amene watenga mimba asanakwatiwe n'kuimitsidwa pamaso pa gulu, mayi amene akuuzidwa kuti apirire nkhanza m'banja, wachinyamata amene amakopeka ndi amuna kapena akazi anzake ndipo amamva sabata iliyonse kuti ndi wonyansa, onsewa gulu limene likanawagwira ndi limene likuwakankha. Ku America, kafukufuku wa mu 2018 wa ophunzira a m'makoleji oposa 21,000 anapeza kuti pakati pa achinyamata a gulu lomalizali, amene ankaona chipembedzo kukhala chofunika kwambiri ndiwo ankaganiza kwambiri zodzipha, zosiyana ndi mmene zinalili kwa anzawo ena.

Mipingo ina yazindikira zimenezi. Kwa zaka mazana ambiri, kutsatira chiphunzitso cha Augustine, mtsogoleri wakale wa mpingo, wodzipha ankakanizidwa mwambo wa maliro wa mpingo. Malamulo a Mpingo wa Katolika a mu 1983 anachotsa chiletso chimenechi, ndipo Katekisimu wa mu 1992 amanena kuti kusokonezeka kwakukulu kwa maganizo, kuzunzika kapena mantha aakulu zimachepetsa mlandu wa munthuyo, ndiponso kuti tisataye mtima za chipulumutso chake. Popeza ndinu wowerenga Baibulo, mukudziwa kuti pa 1 Mafumu 19 mneneri Eliya anakhala pansi pa kamtengo m'chipululu n'kupempha kuti afe. Sanadzudzulidwe. Anapatsidwa chakudya ndi madzi, anagona, anadyanso, kenako anauzidwa kuti sali yekha popeza patsala anthu 7,000, ndipo anapatsidwa Elisa kuti aziyenda naye. Ine monga wa zachipatala ndimaona m'nkhaniyi dongosolo limene timatsata ndi odwala athu: thupi lipume, munthu amvedwe, apezeredwe mnzake.

Ndibwerere kwa mwana wanu. Funso limene ndingafunse atakhala kutsogolo kwanga si loti amakhulupirira chiyani. Ndingafune kudziwa ngati wasiya tchalitchi chokha kapena wasiya zonse. Ngati akudya, akugona, akupita kuntchito kapena kusukulu, ali ndi anzake, akuseka, akukamba za chaka chamawa, ndiye kuti muli ndi mnyamata amene wasintha maganizo pa nkhani yaikulu, ndipo ngakhale zikukupwetekani, si wodwala. Koma ngati pamodzi ndi tchalitchi wasiyanso abwenzi ndi zimene ankakonda, akudzitsekera m'chipinda, wayamba kumwa kwambiri kapena kugwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo, sakugona, akulankhula mawu ngati "ndine mtolo kwa inu" kapena "posachedwa mupuma," akugawa zinthu zake kapena kutsanzika mosadziwika bwino, pamenepo musachedwe. Katswiri wina, Thomas Joiner, anafotokoza mu 2005 kuti mtima wofuna kufa umakula pamene zinthu ziwiri zakumana mwa munthu: kudziona kuti alibe kwawo pakati pa anthu, ndi kudziona kuti ndi katundu wolemetsa ena. Chiopsezo chimakhala chachikulu koposa ngati munthu anayesapo kale kudzipha. Kutha kwa chibwenzi, ngongole, kuchotsedwa ntchito, kulephera mayeso ndi manyazi a pagulu ndi zimene kawirikawiri zimakankha munthu amene anali kale pamphepete. WHO imati anthu oposa 700,000 amadzipha chaka chilichonse, amuna amafa motere kuposa kawiri chiwerengero cha akazi, ndipo kudzipha kuli m'gulu la zinthu zinayi zikuluzikulu zopha achinyamata a zaka 15 mpaka 29. Choncho kukhala tcheru ndi mwana wamwamuna wa msinkhu umenewu n'koyenera, kaya amapemphera kaya sapemphera.

Pali chinthu chimodzi chimene chili m'manja mwanu, ndipo ndikukupemphani muchiganizire mofatsa. Munthu akatuluka mumpingo umene anakuliramo, amataya zambiri nthawi imodzi: anzake a ubwana, ndondomeko ya sabata, anthu amene ankamuitana ndi dzina. Nthawi imeneyi ndi yovuta, makamaka kumene pafupifupi aliyense womuzungulira amapembedza, chifukwa wotulukayo amaoneka ngati mlendo pakati pa abale ake. Ngati banja nalo limutembenukira, kumunyoza pa chakudya, kumuitanira alaliki mosamufunsa, kuuza abale ake aang'ono kuti asamacheze naye, ndiye kuti chitetezo chija chimene kafukufuku amachipeza mwa opembedza chachotsedwa ndi manja athu omwe, kenako tidzati kusakhulupirira ndiko kwamuwononga. Mukhoza kupitiriza kumupempherera, mukhoza kumuuza kuti simukugwirizana naye, koma adziwe popanda kukayika kuti malo ake monga mwana wanu sanagwedezeke. Chonde mawu a mlaliki uja musakawagwiritse ntchito pomuopseza kuti abwerere. Munthu wobwerera chifukwa cha mantha amangophunzira kubisa, ndipo kubisa ndiye mdani wamkulu pa nkhani imeneyi. Mulimbikitseni kukhala ndi gulu lina lililonse labwino limene angamakumane nalo kawirikawiri, la masewera, la maphunziro, la ntchito zothandiza ena, kumene kujomba kwake kungaonekere. Osapembedza nawonso ali ndi zifukwa zokhalira moyo, monga ana, makolo, ntchito ndi kuzindikira kuti moyo ndi umodzi wokha, ndipo pochiza timamanga pa zifukwa zimene munthuyo ali nazo.

Ngati mwaona zizindikiro zija, mufunseni mwachindunji. Makolo ambiri amaopa kuti kutchula mawu oti kudzipha kumuika maganizowo m'mutu. Ofufuza ayesa nkhani imeneyi kangapo ndipo sanapeze kuti kufunsa kumawonjezera chiopsezo. Ambiri ofunsidwa amapepukidwa mtima kuti wina waona. Sankhani nthawi imene muli awiri, musayambe ndi za Mulungu, ndipo munene zimene mwaona: "Mwanawe, ndaona kuti masiku ano sukugona ndipo anzako sukuwayendera. Kodi pali nthawi imene umaganiza zodzipha?" Akayankha, mvetserani mpaka amalize. Musamukalipire, musamulalikire, musalonjeze kusunga chinsinsi. Akavomera, musamusiye yekha, chotsani m'nyumba chilichonse chimene angadzivulaze nacho, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo kuti akaonane ndi dokotala kapena wopereka uphungu. Nthawi yoopsa kwambiri kawirikawiri imakhala yaifupi, ndipo mwa anthu 10 alionse amene anayesa kudzipha n'kupulumuka, pafupifupi 9 sadzafa ndi kudzipha. Matenda ovutika maganizo amachizika ndi uphungu, ndi mankhwala, kapena zonse ziwiri.

Akayankha kuti ayi, ali bwino, ndipo inu mukuona kuti moyo wake ukuyendadi, mukhulupirireni, mumuuze kuti tsiku lililonse zikadzavuta adzayambe kubwera kwa inu, ndipo mudzamufunsenso pakapita nthawi. Inuyonso, Amayi, ngati kusowa tulo kwapitirira masabata awiri kapena imfa ya mnzanu ija ikumabwererabwerera m'maganizo, kaonaneni ndi wopereka uphungu kuti nanunso mumvedwe.